Namkungwi wa m'Chifuwa

Kuseri kwa fupa la pachifuwa, kutsogolo kwa mtima pang'ono, kuli kachiwalo kamene anthu ambiri amabadwa nako, kukula nako mpaka kumwalira osamvako dzina lake. Madokotala amakatcha thymus. Mbuzi ili nako, galu ali nako, pusi ndi nyani nawonso ali nako. Amene anasendapo kamwana ka mbuzi anakaonapo: kanyama kotuwira, kofewa, kooneka ngati mafuta, koyambira m'khosi kutsikira m'chifuwa. Ine ndatha zaka zambiri ndikuyang'ana kachiwalo kameneka pa maikulosikopu, mu labotale yopima matenda a zinyama. Mwa zonse zimene zimafika patebulo langa, palibe chimene chimafuna kudekha kuposa chotupa cha thymus ya pusi.

Kwa zaka mazanamazana, anthu ophunzira za thupi ankakaona kachiwaloka koma ntchito yake inali yobisika. Chinkawasokoneza n'chakuti kamakhala kakakulu mwa mwana, kenaka kamayamba kufota munthu akatha msinkhu, mpaka mwa nkhalamba pamangotsala mafuta ndi timizere tochepa. Ambiri ankati n'chotsalira chopanda ntchito. M'chaka cha 1961, Jacques Miller, yemwe ankafufuza za khansa ya m'magazi ku London, anachotsa thymus mwa tiana ta mbewa tongobadwa kumene. Timbewato tinakula tofooka, matenda osatisiya, ndipo atatisokerera khungu la mbewa ya mtundu wina, matupi ake sanalikane monga amachitira matupi athanzi. Apa m'pamene zinadziwika kuti chitetezo cha m'thupi chimaumbidwira m'menemo. Asilikali a m'thupi amene tonse a m'chigawo chino tinawadziwa chifukwa cha Edzi, aja amawerengedwa kuchipatala n'kunena kuti CD4 yakwera kapena yatsika, ndi a gulu la maselo otchedwa T. Chilembo chimenechi chikuimira thymus.

Achinyamata akabwera kudzaphunzira ntchito kwathu, ndimawauza kuti thymus ndi tsimba. Maselo oyera a m'magazi amabadwira m'kati mwa mafupa, ndipo ena mwa iwo amayenda ndi magazi kukalowa mu thymus asakudziwa kanthu, ngati anamwali. M'menemo amapezamo maselo a mtundu wina, okhazikika, ogwirana manja ngati ukonde, amene m'mabuku amatchedwa epithelial cells. Awa ndiwo anamkungwi. Ntchito yawo ndi kuonetsa namwali aliyense tizidutswa ta thupi limene akukalitumikira, kuti adziwe kusiyanitsa wachibale ndi mlendo. Amene walephera kuzindikira chilichonse amafera pomwepo. Amene waonetsa ukali pa wachibale nayenso amaphedwa. Mwambo wake ndi wouma mtima, pakuti mwa maselo 100 aliwonse okulira m'tsimbamo, oposa 90 satulukamo amoyo. Otsalawo ndiwo amapita kukalondera thupi.

Choncho m'nyumba imodzi muli magulu awiri, ndipo chotupa chikhoza kuchokera ku gulu lililonse. Anamwali akayamba kuchulukana mosaletseka, matendawo ndi lymphoma, khansa yothamanga imene sichedwa kufalikira ku ziwalo zina. Akachulukana ndi anamkungwi, matendawo ndi thymoma, chotupa chimene nthawi zambiri chimakula pang'onopang'ono pamalo amodzi. Vuto lagona pakuti namkungwi, ngakhale adwale, saleka kuitana anamwali. Amangowasonkhanitsa, ambirimbiri, abwinobwino, mpaka iye mwini osaonekanso pakati pawo. Woyang'ana mothamanga amaona khamu la anamwali n'kuliweruza, pamene wodwala weniweni wabisala m'kati mwa khamulo.

Chaka china tinalandira pusi wamkazi wakufa kuchokera kumalo ena osungirako nyama zolandidwa kwa anthu. Mbiri yake inali ya apusi ambiri a kumalo otere. Anagwidwa ali kamwana mayi wake ataphedwa m'munda wa chimanga, anakulira patcheni kuseri kwa nyumba ya munthu, kenaka anapulumutsidwa n'kuphatikizidwa ndi anzake, ndipo anakalambira kumeneko. M'miyezi yake yomaliza anayamba kuwonda, kupuma mobanika ndi kutsalira pansi anzake akamakwera mitengo. X-ray inaonetsa chinthu choyera chitadzaza kutsogolo kwa chifuwa. Akuluakulu a pamalopo ali m'kati mokambirana chochita, m'mawa wina anamupeza atafa.

Dokotala wa zinyama wa kumeneko analemba kalata yaifupi, koma amene ananyamula bokosi la ayezi anali bambo wina wachikulire, wosamalira apusiwo, amene anamudyetsa pusiyu zaka zoposa 10. Atatula katundu wawo sanafulumire kubwerera.

"Adokotala," anatero, "akuti mwina ndi TB. Ikakhaladi TB, enawo achita nawo chiyani? Nanga ife amene timalowa m'khola tsiku ndi tsiku?"

Nkhawa yawo inali ndi mutu. Apusi ndi anyani amatenga TB mosavuta, kawirikawiri kuchokera kwa anthu, ndipo ikalowa m'gulu imayenda msanga. Imatupitsa tiziwalo tija timene tikatupa m'khwapa kapena m'mphechepeche timati mwanabele, ndipo tina mwa ito tili m'chifuwa, moyandikana ndi thymus. Pa X-ray zonsezi zimaoneka ngati mtambo umodzi woyera. Ikanakhala TB, gulu lonse likanatsekeredwa, pusi aliyense akanagonetsedwa ndi mankhwala n'kubayidwa jakisoni woyezera pachikope, n'kumuyang'anira masiku atatu. Opezeka nayo kawirikawiri amaphedwa, ndipo aja ankayembekezera kubwezeredwa kutchire sakanapitanso. Ikanakhala lymphoma, tikanayamba kufunsa za tizilombo monga STLV-1, kachilombo kopezeka mwa apusi ndi anyani a mu Africa, kamene kanadziwika kuti kamayenderana ndi khansa imeneyi mwa anyani osungidwa m'makola. Koma ikanakhala thymoma, imene sipatsirana, chisoni chikanathera pa nyama imodzi yomweyo.

"Bambo, ndipatseni masiku," ndinawayankha. "Maso okha sangakuyankheni."

Pusi satumbulidwa ngati mbuzi ya paukwati. Thupi lake n'lofanana kwambiri ndi lathu, kotero kuti matenda ake ambiri amatha kutigwira. M'chaka cha 1967, anthu ogwira ntchito m'malabotale a ku Marburg ndi Frankfurt m'dziko la Germany, komanso ku Belgrade, anadwala atagwira ziwalo ndi magazi a apusi ochokera ku Uganda, abale enieni a apusi athuwa. Anadwala anthu 31, ndipo 7 anamwalira. Dzina la kachilombo ka Marburg linachokera pamenepo. N'chifukwa chake timavala magolovesi awiriawiri, chotseka pakamwa ndi pamphuno, ndi magalasi oteteza maso, makamaka pamene dzina la TB latchulidwa kale.

Nditatsegula chifuwa ndinapeza chotupa chachikulu ngati dzira la nkhuku chitakhala patsogolo pa mtima, chitakankhira mapapo kumbuyo. Chinali ndi chikuto chake chosalala ngati cha impso. Nditachidula pakati, m'kati mwake munali mizere yoyera yolimba yochigawa m'timagawo, ngati malire a minda, ndi kathumba kamodzi ka madzi achikasu. Zoyera zonyenyeka zija zimene TB imasiya m'ziwalo sindinazione, ndipo mapapo, ngakhale anapanikizika, analibe timatuza. Zonsezi zinkaloza ku thymoma, koma kuloza sikukwanira pamene miyoyo ya gulu lonse ikudikira pepala limene uti usayine.

Ndinadula tizidutswa tosapitirira mamilimita 5 kuchindikala kwake: tina pakati, tina m'mphepete pamodzi ndi chikuto, tina pamene chotupa chinakhudzana ndi phapo ndi kathumba ka mtima. Ndinatengakonso mapapo, chiwindi, kapamba, mwanabele ndi za m'kati mwa fupa, chifukwa lymphoma sikonda kukhala pamalo amodzi. Tizidutswato timatimiza mu fomalini wochuluka kakhumi kuposa ito, kwa tsiku limodzi kapena awiri, kuti tisawole. Kenaka timadutsa m'mabotolo a mowa wa mu labotale, wamphamvu zokwererakwerera, umene umachotsa madzi onse, ndipo malo a madziwo amalowa phula losungunuka pa madigiri pafupifupi 60. Phulalo likauma pamatuluka kanjerwa kocheperapo bokosi la machesi. Makina otchedwa microtome amasenga kanjerwako mopyapyala kwambiri: mutagawa milimita imodzi ka 250, gawo limodzi ndiko kuchindikala kwake. Kachidutswako kamayandamitsidwa pamadzi ofunda kuti katambasuke, n'kukatola ndi kagalasi. Pomaliza pamabwera utoto uwiri umene wakhala ukugwiritsidwa ntchito limodzi kuyambira m'zaka za m'ma 1870. Haematoxylin, wochokera ku mtengo wina wa ku Mexico ndi maiko oyandikana nawo, amadetsa njere ya pakati pa selo kukhala yabuluu. Eosin amasandutsa zotsalazo kukhala zapinki.

Ndafotokoza njira yonseyi chifukwa mayankho ambiri amatayika asanafike n'komwe pa maikulosikopu. Timalandira ziwalo zimene zinagona mufiriji mpaka kuuma gwa, ayezi atang'amba maselo onse. Timalandira chinyama chonse chathunthu chitapanikizidwa m'botolo la jamu, fomalini ali pansi pokha, kunja kwalimba koma m'kati mwawola. M'nyengo yotentha, maselo a thymus sachedwa kusungunuka nyama ikafa. Ena amangobaya chotupa ndi singano n'kutumiza timadontho pagalasi, koma singano imakoka anamwali omasuka aja, anamkungwi ogwirana manja n'kutsala m'mbuyo. Bambo aja anachita bwino kubweretsa nyamayo tsiku lomwelo, yozizira koma yosauma.

Timagalasi titatuluka ndinali ndi mtsikana wina wophunzira za udokotala wa zinyama, ndipo ndinamusiya ayambe ndiye kuyang'ana. Anathamangira diso lokuza kwambiri, monga amachitira onse oyamba kumene, ndipo anaona maselo aang'onoang'ono abuluu atadzaza paliponse ngati mapira pamphasa.

"Adokotala, iyi ndi lymphoma," anatero.

"Mwina," ndinatero. "Koma bwererani m'mbuyo kaye, muone mudzi wonse musanalowe m'nyumba."

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa diso lokuza pang'ono, chinthu choyamba kuoneka chinali chikuto chochindikala, ndi mizere yapinki yochokera ku chikutocho kulowa m'kati. Lymphoma silemekeza malire otere, imangosefukira m'mafuta ndi m'ziwalo zoyandikana nazo ngati madzi a m'dambo. Chachiwiri, m'nyanja yabuluuyo munali tizilumba totuwa, ndipo m'tizilumba tina munali timipira tapinki tokulungana ngati anyezi wodulidwa pakati. Timipirati tinatchedwa dzina la Arthur Hill Hassall, dokotala wa ku England amene anatifotokoza m'zaka za m'ma 1840, ndipo ndi chidindo cha thymus. Chachitatu, mozungulira timitsempha tina ta magazi munali mipata yotakasuka, chizindikiro chimene thymoma imakonda kusiya. Titatero m'pamene tinakuza. Anamwali aja anali aang'ono, ofanana bwino, opanda nkhope zolusa za maselo a khansa. Ndipo apo ndi apo pakati pawo panali maselo ena akuluakulu, a njere yotuwa ngati galasi lochita nthunzi. Mtsikanayo atangoona limodzi, anayamba kuwaona paliponse.

Panatsala funso lina limene wopima aliyense ayenera kudzifunsa: kodi si thymus yabwinobwino imene yangokhala yaikulu? Funsoli lili ndi mbiri yowawa. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, madokotala a ku Ulaya anazolowera kuona thymus ya ana omwalira atadwala nthawi yaitali kapena atavutika ndi njala, ndipo thymus ya mwana wotere imakhala itafota. Iwo anayesa kuti kakang'onoko ndiko koyenera. Akapeza thymus yaikulu mwa khanda lomwalira mwadzidzidzi, ankati ndiyo yalipha. Zotsatira zake, makanda ambiri athanzi, makamaka ku America, anawotchedwa pachifuwa ndi mphamvu ya X-ray kuti thymus ichepe, mpaka cha m'ma 1950, ndipo ena mwa iwo atakula anadwala khansa ya chithokomiro. Amene sadziwa maonekedwe a chinthu chathanzi amapeza matenda pamene palibe. Kwa pusi wamng'ono, thymus yodzaza kutsogolo kwa chifuwa ndi umboni wa thanzi. Koma wathuyu anali nkhalamba ya mano operepeseka, ndipo timagawo ta chotupa chake tinali takulutakulu, tosalongosoka ngati ta thymus yeniyeni.

Kuti titsimikize, panafunika utoto wina wosankha. Pali mankhwala opangidwa kuti azimatirira pa chinthu chimodzi chokha m'selo, n'kusiya mtundu wa khofi pamene amatirirapo. Ambiri anapangidwira anthu odwala, koma chifukwa cha ubale uja amagwiranso ntchito pa apusi. Ndi odula, kotero tinatumiza tinjerwa tathu ta phula ku labotale ina yaikulu, n'kudikira masabata atatu. Pa nthawi yodikirayo tinapaka utoto wa Ziehl-Neelsen, umene umaonetsa tizilombo ta TB ngati timitengo tofiira, pa chotupa, mapapo ndi mwanabele. Sitinapeze n'kamodzi komwe, ndipo chiwindi, kapamba ndi za m'fupa zinali zoyera.

Timagalasi titabwera, ka CD3, kamene kamaonetsa maselo a T, kanali kakhofi kuyambira uku mpaka uko. Zimenezo sizinathetse mlandu, chifukwa anamwali abwino ndi anamwali a khansa onse amavala chizindikiro chomwecho. Kagalasi kothetsa mlandu kanali ka cytokeratin, kamene kamaonetsa anamkungwi okha. Mu lymphoma, ukonde wawo umakhala utang'ambidwa, n'kutsala tizidutswa m'makona. Pa kagalasi kathu ukondewo unali paliponse, woluka bwino ngati lichero, kuchokera ku chikuto cha mbali ino mpaka cha mbali inayo. Maselo amene pa utoto wamba tinkachita kuwasaka limodzilimodzi ndiwo anali atagwira chotupa chonse. Inali thymoma.

Dzinalo lili ndi timagulu take. M'chaka cha 1999, bungwe la WHO linagawa zotupa zimenezi ndi zilembo. Mu mtundu A, anamkungwi amakhala aataliatali ndipo anamwali ndi ochepa. Mu mitundu ya B, anamkungwi amakhala obulungira, ndipo anamwali amanka nachepa kuchokera pa B1, kudzera pa B2, kufika pa B3. Mtundu AB umasakaniza ziwirizi. Palinso muyeso wa Akira Masaoka wa ku Japan, wa m'chaka cha 1981, umene umafunsa ngati chotupa chaboola chikuto chake ndi pamene chafika. Miyeso yonseyi inapangidwira anthu, ndipo ife a zinyama timabwereka, chifukwa thymoma mwa apusi ndi anyani imapezeka mwa apo ndi apo. Pa pepala langa ndinalemba kuti chotupacho chikufanana ndi B1 ndipo chikuto sichinabooke. Pusiyo anafa chifukwa chotupa chinalanda malo a mapapo ndi mtima.

Ndisanatumize pepalalo ndinaimbira foni bambo aja, chifukwa iwo ndiwo anafunsa funso lenileni.

"Bambo, si TB. N'chotupa chimene chinamera mwa iye yekha. Sichipatsirana kwa anzake kapena kwa inu."

Anakhala chete pang'ono, kenaka anati, "Ndiye aja atatu apita kutchire mvula ikayamba?"

"Kuyezedwa kwa nthawi zonse kuja kuchitike monga mwa lamulo. Koma kumbali ya chotupachi palibe chowaletsa."

Ndinawafunsanso ngati pusiyo ankavutika kumeza kapena ngati zikope zake zinkagwa, ndipo anati ayi, ankadya nthochi yake bwinobwino mpaka dzulo la imfa yake. Funsoli ndimafunsa nthawi zonse, chifukwa namkungwi wodwala amaphunzitsa molakwika. Amatulutsa asilikali osadziwa wachibale, ndipo thupi limayamba kudzimenya lokha pamalo pamene mtsempha umalamulira mnofu. Matendawo ndi myasthenia gravis, ndipo mwa anthu odwala thymoma amagwira mmodzi mwa atatu kapena kuposerapo. Mwa agalu, njira ya chakudya imafutukuka n'kulefuka, galu n'kumabweza zimene wadya. Mwa amphaka khungu limafundula, ndipo mwa akalulu oweta maso amatong'oka. Zoterezi kagalasi sikangandiuze. Amazidziwa ndi munthu amene amabweretsa chakudya m'mawa uliwonse, ndipo mawu ake amalowa m'lipoti pamodzi ndi a maikulosikopu.

Ena amandifunsa chifukwa chotayira masabata ndi ndalama pa pusi amene wafa kale. Yankho loyamba ndi apusi atatu aja, ndi bambo amene akanapita kwawo madzulo akuopa kukhosomolera adzukulu awo. Koma nkhaniyi imafika patali kuposa khola limodzi. Pa chilumba cha Mauritius pali anyani a mtundu wa macaque, amene makolo awo anabwera pa zombo kuchokera ku Asia zaka mazana angapo zapitazo. Zikwizikwi za anyani amenewa zimatumizidwa chaka ndi chaka ku malabotale a ku Ulaya ndi ku America, kumene mankhwala atsopano amayesedwa asanaperekedwe kwa anthu. Thymus ndi chimodzi mwa ziwalo zimene zimayang'anitsitsidwa kumeneko, chifukwa imafota msanga nyama ikapanikizika kapena mankhwala akakhudza chitetezo cha m'thupi. Chotupa chikapezeka mwa nyani mmodzi, wopima ayenera kunena ngati chabwera ndi mankhwalawo kapena chinangomera chokha. Akachitcha lymphoma chili thymoma, mankhwala abwino akhoza kutayidwa. Akachitcha thymoma chili lymphoma, mankhwala oopsa akhoza kufika kwa odwala. Malonda a anyaniwa amandivuta mumtima, komabe ndimaona kuti nyama ikaperekedwa nsembe chotero, kuwerenga molakwika zimene thupi lake lanena ndi kuipha kawiri.

Wopima wa kumeneko amadalira zimene ena analemba za zotupa zongomera zokha, ndipo zambiri mwa zolembedwazo ndi za macaque a ku Asia. Pusi, nyani ndi nchima za m'nkhalango zathu zimafa ndi matenda awo kutchire, fisi n'kumaliza nkhani. Ochepa amene amafika patebulo ngati langa ndiwo mwayi wathu wodziwira zimene zimadwalitsa nyama zimenezi zikakalamba. Choncho kanjerwa kalikonse ndimakalemba nambala, mtundu wa nyama, msinkhu wake ndi tsiku, n'kukasunga m'kabati yachitsulo, kutali ndi dzuwa ndi makoswe, pakuti makoswe amalikonda phula. Kanjerwa kosungidwa bwino kamatha zaka makumimakumi, ndipo kakhoza kusengedwanso utoto watsopano ukadzatulukira.

Mtsikana uja anapempha kagalasi kamodzi ka utoto wamba kuti akaonetse anzake kusukulu. Ndinamupatsa awiri, ka utoto wamba ndi ka cytokeratin, ndipo ndinamuuza kuti ayambe wawaonetsa kabuluuko, awasiye anene zimene akuona, asanatulutse kachiwiriko m'thumba.